Mwaye pa Mbale Yoyera

Inali mbale ya chitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, yosupuka pambali pamene inagwera pa mwala. Amayi sankalola kuti tidyeremo. Inkakhala pamwamba pa khoma, pansi pa denga, yovundikira, ndipo ukaigogoda ndi chala inkalira ngati belu la njinga yakale. Mbale imeneyo ndiyo inali kope langa loyamba. Lero m'nyumba mwanga muno ku Balaka muli mabuku odzaza makatoni, ena chiswe chinalawa kale, koma ndikatseka maso n'kufuna kukumbukira chilembo, ndimachiona chakuda, chonyowa, pa mbale ija.

Sukulu ndinayamba mawu atayamba kale kusintha. Bambo anapita ku Joni ine ndili kumsana, ndipo sanabwereko. Amene ankalamula pakhomo pathu kufupi ndi Ngokwe anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Iwo sukulu ankaiona ngati msampha. Ankati mwana wa Chisilamu akapita kumeneko amabwerako ndi dzina lina ndiponso m'kamwa mosasankha nyama. Choncho ndinakula ndikuweta mbuzi zawo, madzulo n'kumapita kwa amwalimu a kumzikiti kukaloweza mapemphero. Chaka chimene anamanga kasukulu ka udzu kutsidya kwa dambo, amayi anadikira tsiku limene amalume anapita kumaliro, anandigwira pa mkono ngati mwana wamng'ono, n'kukandisiya m'manja mwa aphunzitsi.

Anzanga m'kalasimo ankandilekeza m'chiuno. Ndikalowa ankaimirira onse n'kumati, "Abambo afika!" Wina wosweka mano ankakonda kundifunsa kuti, "Agogo, akazi anu mwawasiya ndi ndani kunyumba?" Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, mawondo ali m'khosi, kununkha mbuzi. Aphunzitsi, munthu wowonda wa jekete limodzi chaka chonse, ankanditchula kuti mkulu. Sankanena monyoza. Ataona kuti ndayamba kulumikiza zilembo, anandibwereka kabuku kopyapyala kopanda chikuto. Tsamba loyamba linali litathothoka, ndiye dzina lake sindinalidziwe, ngakhale la amene analemba. Kankanena za munthu wina amene anayamba kukumba chitsime pakhomo pake m'chaka cha chilala, mudzi wonse ukumuseka.

Amayi anayamba kutsokomola nthawi ya mvula. Pamene thonje linkayera m'minda, chifuwacho chinali chitakhazikika. Ankatsokomolera m'kansalu kamene ankabisa m'chiuno, ndipo chitenje chawo chinayamba kuwazungulira mopitirira. Amwalimu ankabwera kudzawalembera. Ankatenga mbale yoyera ija, n'kulembapo mawu opatulika ndi kabango kosongola, inki yake ya mwaye wosakaniza ndi utomoni. Akatero ankatsukuluza malembawo ndi madzi pang'ono, amayi n'kumwa. Ndiyenera kunena kuti amwalimuwo sanawanamize. Ndinawamva ndekha akunena kuti, "Mayi, imwani izi, komanso mupite kuchipatala. Amene analenga matenda analenganso mankhwala." Kenaka anaitanidwa ku Mangochi kumene m'bale wawo ankadwala, ndipo anakhalitsa komweko. Mbale inabwerera pamwamba pa khoma.

Sabata yomweyo amalume anabwera ndi chigamulo chawo. Anaima pabwalo, osakhala pansi, n'kunena kuti thonje silidikira sitandade. Popeza amayi sangathenso kutola, mizere yawo ikhala yanga, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Za sukulu zathera pomwepo. "Wakula uyu," anatero. "Anzake akufunsira mbeta, iye ali a-e-i ndi makanda."

Koma m'mawa mwake, amalume atabwera kudzanditenga, anapeza amayi atakhala pakhonde, mbale yoyera ili pamiyendo.

"Iwe, tenga bango ulembe apa," anandiuza.

"Ndilembe chiyani, amayi?"

"Za m'buku lakolo."

Amalume anaseka mpaka kugwira nsanamira. "Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Malemba a kusukulu ali ndi baraka yanji, madalitso anji?"

"Zilembo n'zilembo, achimwene. Kodi Mulungu amawerenga chilankhulo chimodzi chokha?"

Ndinapala mwaye kunsi kwa mphika, ndinasakaniza ndi madzi, n'kukopera mizere yoyamba ya bukulo. Amayi anati ndiwerenge mokweza zimene ndalemba. Ndinawerenga mogwaigwa. Anathira madzi, anazunguza mbale mpaka zilembo zonse zinasungunuka, ndipo anamwa onse amalume akuona. Atapukuta pakamwa, mano awo anali akuda. Anati pachifuwa papepuka kale. Kenaka anawonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti mwanayu mawu amenewa amakawatola kwa aphunzitsi tsiku ndi tsiku, ndiye akajomba, mankhwala adukiza.

Amalume sanakhulupirire, ndikudziwa. Koma kwathu kuno palibe mwamuna amene amafuna kuti mudzi udzanene kuti ndiye anamana mlongo wake mankhwala. Anatola thumba lawo n'kunena kuti ndizipita kusukulu m'mawa, koma dzuwa likangofika pamutu andipeze m'munda.

Umo ndi mmene nyengo imeneyo inayendera. Ndinkadzuka mwera ukuwomba, zala zitauma ndi chisanu. Ndinaphunzira kuti mwaye wa kudenga la khitchini ndi wosalala kuposa wa pamphika, ndiponso kuti utomoni wa mthethe ukachuluka zilembo zimakana kutsukika. Ndinkalemba mozungulira, kutsata mkombero, mizere n'kumapanikizana polowa pakati. Mbale inali yaing'ono, ndipo zilembo zanga zinali zazikulu ngati mapazi a nkhuku, choncho tsamba limodzi linkatitengera masiku. Amayi ankakhala pamphasa pamene dzuwa limayambira kugunda, atafunda mpaka kumutu, n'kumamvetsera ngati nkhani ya munthu wa m'mudzi mwathu.

"Munthuyu ali ndi mkazi?" anafunsa tsiku lina. Ndinati ali naye. "Ndiye mkaziyo akungomuonerera? Osamutsitsirako ndi phala lomwe?"

Wokumba uja atakumana ndi thanthwe, amayi anapukusa mutu n'kunena kuti akanafunsa kaye pamene pamamera mkuyu. Anthu a m'bukumo akamuseka, iwo ankawatukwana mu Chiyao, kenaka n'kuseka okha mpaka chifuwa kuwagwira. Anandiletsa chinthu chimodzi chokha: kutsogola. "Tiyendere limodzi," ankatero. "Ukadziwa wekha mathero, uziwerenga ngati munthu wokhuta." Ndikamaliza, ankathira madzi, n'kudzuka ndi mbale yawo kupita kuseri kwa nyumba. Ankati tsiku loyamba lija anamwera pagulu chifukwa cha makani a amalume, koma mankhwala samwa anthu akukuyang'ana. Ine ndinkatola kabuku n'kuthamangira kusukulu.

Mpaka lero sinditha kuwerenga chamumtima. Milomo imayenda yokha, mawu n'kumatuluka. Ndimawerenga m'mawa, pakhonde, dzuwa lisanatenthe malata, ndipo aneba anga kwa nthawi yaitali ankayesa ndikupemphera. Mabuku ndimagula kwa mnyamata amene amayala pansi pafupi ndi depoti, pakati pa ogulitsa nsapato za kaunjika ndi ogulitsa machaja. Amandidziwa. Akandiona amakuwa kuti, "Madala, opanda chikuto abwera!" chifukwa ndi amene ndimayamba kutsegula. Ndawerenga zambiri mwa njira imeneyi: kabuku ka kawetedwe ka mbuzi kamene kanandiuza zimene ndinkadziwa kale ndili mwana, nkhani za achinyamata opita kutauni n'kukaonongeka, mbiri za mafuko, ngakhale buku la malamulo a pamsewu, ine wopanda ndi njinga yomwe.

Nthawi zina ana a sukulu amabwera kudzandifunsa kuti awerenge chiyani. Amayembekezera maina akuluakulu. Ine ndimawauza kuti asankhe buku lopyapyala, limene anthu ake amadya ndi kukangana ngati anthu, osati lija aliyense amalankhula ngati ali pa guwa. Ndimawauza kuti apeze munthu womuwerengera, makamaka amene sadziwa kuwerenga, chifukwa ameneyo salola kuti umunamize ndi mawu okoma; amafunsa kuti mkaziyo ali kuti. Ndipo ndimawauza kuti akaliyamba alimalize msanga, lero ngati n'kotheka. Buku si mbewu yoti uzisunga. Amagwedeza mutu mwaulemu, maso ali pa foni, ndipo sabweranso. Sindiwadandaula. Sindinganene kuti mabuku anandipindulira chimene iwo angasirire.

Aphunzitsi anatulukira nkhani yathu chifukwa cha zidindo za zala. Anatsegula kabuku kawo n'kupeza m'mphepete monse muli mwaye. "Mkulu, buku langali ukuphikira?" anafunsa. Ndinawafotokozera monyada, ndikuyembekezera kuti andiyamikira pamaso pa makanda aja. Sanaseke, sanandiyamikirenso. Anafunsa kuti amayi akhala akutsokomola kuyambira liti, ndiponso ngati ndinaonapo magazi.

Loweruka anabwera kwathu pa njinga. Amayi anawayalira mphasa yatsopano, amalume anaitanidwa kuchokera kumunda, anafika thonje lili m'tsitsi. Aphunzitsi analankhula mofatsa. Anati chifuwa chimenechi akuchidziwa, chinatenga bambo awo, koma masiku ano chili ndi jakisoni wake. Anati njanji yopita ku Nayuchi yafika, munthu akhoza kukakwera sitima cha ku Nsanama n'kukatsika pafupi ndi chipatala tsiku lomwelo.

Amalume anati iwo sakukana. Koma wodwala sagona yekha kuchipatala, ndipo iwo sangasiye thonje m'munda. Wopita naye ndi mnyamatayu. Akabwerako, kaya ndi liti, mbuzi zikumudikira. Ananena akundiyang'ana, ndipo tonse tinamva kuti sukulu sinatchulidwe.

"Tamva, aphunzitsi," anatero amayi. "Tikamaliza bukuli tipita."

"Mayi, bukuli ndi laling'ono. Ndikhoza kukuwerengerani lonse madzulo ano."

"Iyayi. Kodi kuchipatala kwanuko mankhwala a mwezi amamwera tsiku limodzi?"

Aphunzitsi anatsanzika. Powaperekeza, titafika pa njira ya kudambo, anaima n'kundigwira phewa. "Mkulu, uzilemba zilembo zing'onozing'ono. Bukulo lithe msanga."

Ndinayesa m'mawa mwake. Ndinasongola bango mpaka linakhala ngati singano, ndipo ndinapanikiza tsamba lathunthu m'mbale imodzi. Amayi anaiyang'ana n'kuibweza. "Lero wandilembera nyerere? Fufuta. Lemba zazikulu, zooneka, ngati mwamuna." Ndinafufuta. Chimene chimandidzutsa mpaka lero si kufufutako, pakuti mwana akauzidwa ndi mayi ake amachita. Ndi chimene ndinamva mumtima pofufutapo. Ndinakondwa. Aphunzitsi anali atayamba kundiimika kutsogolo kuti ndiwerengere anzanga, ndipo wosweka mano uja anali atasiya za agogo. Sindinkafuna kuti bukulo lithe. Ndiponso, kunena zoona, ndinkakhulupirira mbale ija kuposa amalume, kuposa aphunzitsi. Ndinkaganiza kuti moyo wa amayi ukuyenda m'dzanja langa.

Thonje linatoledwa, linasankhidwa pamphasa loyera payekha lothimbirira payekha, linapita kumsika. Manja anga anali okalikakalika ndi makoko ake, ndipo mwaye unkalowa m'mabalamo n'kusiya timizere takuda. Amayi anasiya kutukwana anthu a m'buku. Ankamvetsera maso ali chitsekere, ndipo nthawi zina ndinkayesa agona, koma ndikalumpha liwu lovuta ankati, "Bwerera. Pamenepo wameza." Popita kuseri kwa nyumba ankayenda chogwira khoma, mbale ikugwedera, madzi akuda akutayikira pa chitenje. Ndikafuna kuwanyamulira ankandithamangitsa. "Belu likulira uko. Ukufuna akakukwapule bambo wamkulu ngati iwe?"

Itafika nthawi yozula mitengo ya thonje ndi kuitentha, dera lonse linadzaza utsi. Utsi umenewo unawamaliza. M'mawa wina analephera kudzuka pamphasa. Ndinalemba, ndinawerenga. Wokumba uja anali atapyola thanthwe, ndipo khasu lake linali litagunda mchenga wozizira. Amayi anatsegula maso n'kufunsa kuti, "Wonyowa, kapena wongozizira?" Ndinati mbale yathera pomwepo. "Chabwino. Mawa," anatero. "Pita."

Ndili kusukulu, amalume anabwereka ngolo ya ng'ombe kuti apite ndi amayi kunjanji. Sanafike ngakhale theka la ulendo. Ngoloyo inabwerera dzuwa litapendeka, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono, amalume ali pansi pambali pake, chipewa chili m'manja. Amayi tinawaika m'manda tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu.

Patapita masiku, anthu atabalalika, amalume anandituma kuseri kwa nyumba kukatenga khasu. Kumeneko sindinkapitako, chifukwa kunali kumalo kwa amayi, kumene ankasambira. Panali mtengo wa papaya. Patsinde pake dothi linali lakuda bii, malo aakulu ngati lichero. Ndinagwada n'kukanda ndi chala. Unali mwaye, wouma, wokhuthala, wosanjikizana ngati makoko a anyezi. Mvula inali isanagwe chiyambire nyengo ija, ndiye palibe chimene chinachoka. Wokumba chitsime, mkazi wake, thanthwe, anthu oseka aja, zonse zinali pamenepo, nyerere zikuyendapo.

Kabuku ndinakabweza m'mawa mwake. Aphunzitsi anafunsa ngati ndamaliza, ndipo ine ndinangokaika patebulo n'kukakhala kumbuyo. Masamba otsala anali ochepa, koma sindinkafuna kuwaona. Chaka chisanathe aphunzitsiwo anasamutsidwa, kabuku kanapita nawo. Amalume sanatchulenso za kundichotsa sukulu. Sindikudziwa chimene amayi anawauza pangolo paja. Ankangoti m'mawa akandiona ndikuzengereza, "Nanga ukudikira chiyani?" Ndinapitirira zaka zingapo, mpaka manyazi a ndevu anandichotsa okha.

Ndiye ndinapita nazo kuti zilembo zimenezo? Ndinagwira ntchito yonyamula katundu pa siteshoni, kenaka ya ulonda pa sitolo ya mmwenye, mpaka msana unakana. Palibe ofesi imene ndinakhalamo. Ana anga ali kutali, ndipo akaimba foni amafunsa ngati ndadya, osati chimene ndikuwerenga. Tsopano maso ayamba kuchita nkhungu. Magalasi a pamsika ndasintha mpaka afika pothera, ndipo adokotala anati ndi ng'ala, ndidikire. Zilembo zazing'ono zasanduka nyerere zenizeni. Komabe tsiku la msika ndimapita kwa mnyamata uja, ndimagwada movutika, n'kutsegula buku lililonse lopanda chikuto, kufunafuna munthu wokumba chitsime. Sindikudziwa dzina la bukulo. Sindikudziwa ngati linatsala ngakhale limodzi m'dziko muno. Mnyamatayo anandiuza kuti mabuku otere ambiri amathera kwa amayi okulungira mandasi. Ndikuona kuti ndidzapita osadziwa ngati mchenga uja unali wonyowa.

Ndikamaika pa sikelo zimene amayi anapereka ndi zimene ine ndinatulutsa, sikeloyo siima. Akanapita tsiku lija aphunzitsi anabwera, mwina akanaona adzukulu awo. Ine ndikanakhala woweta mbuzi wosadziwa ngakhale chilembo a, ndipo sindikuona kuti dziko likanataya kanthu. Koma iwo sanandifunse.

Mnyamata amene anagwada pansi pa papaya tsiku lija sankaganiza zonsezi. Iye anaona chinthu chimodzi: kuti anadzuka m'chisanu nyengo yonse, anapala mwaye, anasongola mabango, ndipo amayi ake ankangotaya. Anaimirira n'kuponda dothi lakudalo ndi chidendene, akulira ndi mkwiyo, akunena mokweza kuti, "Mukanamwa! Mukanamwa mukanachira!" Anawakwiyira zaka zambiri. Sankatha kumvetsa kuti amayi ake anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti m'mbalemo munali mwaye ndi madzi basi, ndi kuti pakhonde paja, amene ankamwetsedwa mankhwala m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono kuti asadukize, anali iyeyo.